Mfumukazi Elizabeth I: Ukaipa dziwa nyimbo

Mfumu Henry VIII ya ku England idasiya ana aakazi awiri ndipo onse adadzakhala pampando wa bambo awo. Onse awiri adalamulapo kuti anthu aphedwe pa nkhani zokhudza mapemphero, koma mbiri idawagawira maina mokondera.

Wamkulu, Mary I, yemwe adali Mkatolika, mpaka lero amatchedwa Bloody Mary, kutanthauza Mary wamagazi. Mng'ono wake wa mayi wina, Elizabeth I, yemwe adali Mpulotesitanti, amatchedwa Good Queen Bess, ndipo ambiri amamutama kuti ndiye mayi wololera yemwe adathira madzi pamoto wa pakati pa mipingo iwiriyi.

Kunena chilungamo, Elizabeth adali katswiri pa ndale kuposa mkulu wake, ndipo adapulumutsa England ku nkhondo yapachiweniweni yomwe idasakaza maiko oyandikana nawo. Ulemu umenewo ngwake. Koma dzina loti adali wololera pa chipembedzo silimuyenera. Chomwe boma lake lidachita mwaluso ndi kusintha dzina la mlandu. Munthu yemwe nthawi ya Mary akadafera chikhulupiriro chake, nthawi ya Elizabeth ankafera mlandu woukira ufumu. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo.

Gwero la chipwirikiti chonsechi ndi banja la Henry VIII. Mfumuyi inkafuna mwana wamwamuna, koma pa ana omwe idabereka ndi mkazi wake woyamba, Catherine wa ku Aragon, yemwe adakula ndi Mary yekha. Papa Clement VII atakana kuthetsa ukwatiwo, Henry adakwatira Anne Boleyn, ndipo mu 1534 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loti mfumu ndiyo mutu wa mpingo ku England, osatinso Papa.

Elizabeth adabadwa kwa Anne pa 7 September 1533. Asadakwanitse zaka zitatu, mayi ake adadulidwa mutu molamulidwa ndi bambo ake omwe, ndipo iye adalengezedwa kuti ndi mwana wapathengo.

Henry atamwalira mu 1547, mwana wake wamwamuna wa kwa mkazi wachitatu, Edward VI, adalowa ufumu ali ndi zaka 9. Omwe ankamulamulira dziko adathetsa Misa ya Chilatini, adachotsa zifanizo m'matchalitchi n'kubweretsa buku la mapemphero la Chingerezi. Edward adafa mu 1553 ali ndi zaka 15.

Mary atalowa, adabwezera dziko m'manja mwa Papa, adakwatiwa ndi Philip wa ku Spain, ndipo kuyambira mu 1555 mpaka 1558 anthu pafupifupi 280 adatenthedwa amoyo chifukwa chokana kusiya Chipulotesitanti. Mwa iwo mudali mabishopu Hugh Latimer ndi Nicholas Ridley komanso Thomas Cranmer, yemwe adali bishopu wamkulu wa Canterbury. Ambiri mwa otsalawo adali anthu wamba, oluka nsalu, alimi ndi amayi apakhomo.

Nayenso Elizabeth adalawako mkwiyo wa mkulu wake. Mu 1554 adatsekeredwa m'ndende ya Tower of London pafupifupi miyezi iwiri pomuganizira kuti adali kumbuyo kwa gulu loukira la Thomas Wyatt. Adapulumuka chifukwa umboni udasowa, komanso chifukwa ankapita ku Misa mwakachetechete ngakhale mtima wake udali kwina. Adaphunzira msanga kuti munthu atha kugwada ndi mawondo mtima uli chiimire.

Mary adamwalira pa 17 November 1558 wopanda mwana, ndipo Elizabeth adalowa ufumu ali ndi zaka 25. Adapeza anthu otopa, omwe m'zaka 25 zokha adauzidwa kangapo konse kuti mapemphero a dzulo lero ndi tchimo.

Mu 1559 adadutsitsa malamulo awiri. Loyamba lidamuika kukhala wolamulira wamkulu wa mpingo wa England ndipo aliyense wokhala paudindo wa boma kapena wa mpingo adayenera kulumbira kuti akuvomereza zimenezi. Lachiwiri lidalamula kuti dziko lonse lizipemphera ndi buku limodzi, ndipo wojomba kutchalitchi Lamulungu azilipira sheleni imodzi. Lamulo lachiwirili lidadutsa movutikira m'nyumba ya House of Lords, ndi mavoti 21 kwa 18. Pafupifupi mabishopu onse omwe Mary adasiya adakana lumbirolo ndipo adachotsedwa paudindo.

Apa ndi pomwe otama Elizabeth amatsamira, ndipo ali ndi mfundo. Mpingo womwe adaumanga udali wa pakatikati. Chiphunzitso chidali cha Chipulotesitanti koma maonekedwe adatsala a kale: mabishopu adakhalapobe, ansembe ankavalabe mikanjo yawo, ndipo mawu a pa Mgonero adasanjidwa moti aliyense ankatha kumvamo zake. M'kachisi wa kunyumba yachifumu mfumukaziyi idasunga mtanda ndi makandulo, zomwe zidakwiyitsa Apulotesitanti ouma mtima. William Byrd, mmodzi mwa akatswiri opeka nyimbo za tchalitchi m'nthawiyo, adali Mkatolika wodziwika, koma adagwira ntchito m'kachisi yemweyo mpaka mfumukazi kumwalira. Francis Bacon adalembapo kuti Elizabeth sankakonda kusuzumira m'mitima ya anthu.

M'zaka khumi zoyamba palibe Mkatolika adaphedwa chifukwa cha Misa. Koma mpofunika kuona chomwe kulolerako kunkatanthauza. Boma linkati khulupirira zomwe ukufuna mumtima, bola thupi lako likaoneke m'tchalitchi cha mfumukazi Lamulungu lililonse. Kwa Mkatolika yemwe chipembedzo chake chagona pa Misa, kulapa kwa wansembe ndi kudzoza odwala, ufulu wa mumtima wopanda wansembe udali ngati kupatsidwa nkhokwe yopanda chimanga. Chiyembekezo cha boma chidali choti ansembe okalamba akatha kufa, Chikatolika chidzazima chokha.

Zinthu zidatembenuka mu 1568. M'chaka chimenecho Mary Stuart, mfumukazi ya ku Scotland yomwe idachotsedwa pampando, adathawira ku England. Iye adali Mkatolika komanso mdzukulu wa azakhali ake a Elizabeth, motero kwa Akatolika ambiri, omwe sadavomereze ukwati wa Anne Boleyn, ndiye adali mwini mpando weniweni. Elizabeth adamusunga ngati mkaidi kwa zaka pafupifupi 19. Chaka chomwecho William Allen adatsegula seminale ku Douai, kutsidya la nyanja, yophunzitsa anyamata a ku England unsembe kuti azibwerera kwawo mobisa.

Mu 1569 akuluakulu awiri a kumpoto, wa Northumberland ndi wa Westmorland, adaukira boma ndipo adachititsa Misa m'tchalitchi chachikulu cha Durham. Kuukirako kudatha m'masabata ochepa, atsogoleri n'kuthawira ku Scotland. Omwe adalipira ndi amphawi omwe adawatsatira: anthu oposa 400 adanyongedwa m'midzi ya kumpoto, ambiri popanda kuzengedwa mlandu m'khoti lenileni. Chiwerengerochi chokha chikuposa cha onse omwe Mary adatentha, koma sichitchulidwa kawirikawiri poyerekeza alongo a ufumu awiriwa.

Kenaka Papa Pius V adalakwitsa kwambiri. Mu February 1570 adatulutsa chikalata chodula Elizabeth mumpingo, cholengeza kuti si mfumukazi yovomerezeka, ndipo cholamula Akatolika kuti asamumvere. Papayo adali ku Rome, kutali ndi chingwe cha wonyonga. Mkatolika wa ku York kapena Lancashire ndiye adatsala pakati pa moto uwiri. Akamvera mfumukazi ndiye kuti wanyoza Papa, akamvera Papa ndiye kuti waukira dziko. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Palibe angakane kuti Elizabeth adali pa ngozi yeniyeni. Chiwembu cha Ridolfi cha mu 1571 chidali chofuna kumuchotsa n'kuikapo Mary Stuart mothandizidwa ndi asilikali a Spain. Mu August 1572 Apulotesitanti zikwizikwi adaphedwa ku Paris ndi m'mizinda ina ya France, ndipo Francis Walsingham, yemwe adadzakhala mkulu wa akazitape a Elizabeth, adali kazembe mumzindamo pomwe izi zinkachitika. Mu 1584 mtsogoleri wa Apulotesitanti ku Netherlands, William wa ku Orange, adaomberedwa ndi Mkatolika. Boma lililonse likadachita mantha, ndipo lidali ndi ufulu wolanga okonza ziwembu.

Vuto ndi loti malamulo omwe adatsatira sadaime pa okonza ziwembu. Mu 1581 chindapusa chojomba kutchalitchi chidakwera kufika pa mapaundi 20 pamwezi, ndalama zomwe munthu waganyu sankazipeza ngakhale pachaka. Mu 1585 kudabwera lamulo loti wansembe aliyense wobadwira ku England koma wodzozedwa kunja, akangopezeka m'dzikomo, ndi woukira ufumu, ndipo womusunga m'nyumba naye aphedwe.

Lamulo limeneli ndilo mtima wa nkhaniyi. Woweruza sankafunikanso kupeza mfuti, kalata yachiwembu kapena mboni yoti munthuyo adanena zoipa za mfumukazi. Kukhala wansembe kokhako kudasanduka mlandu. Munthu ankafera chomwe ali, osati chomwe wachita.

Chilango cha woukira ufumu chidali chowawa. Ankamupachika pachingwe, kumutsitsa nthawi zina akupumabe, kumutumbula n'kuduladula thupi lake panayi. Umu ndi momwe Cuthbert Mayne adafera ku Launceston mu 1577, komanso Edmund Campion wa chipani cha Ajezuiti ku Tyburn pa 1 December 1581, atazunzidwa kaye m'ndende. Campion adazengedwa mlandu wa chiwembu chomwe akatswiri ambiri a mbiri masiku ano amati chidali chopeka.

Nkhani ya Margaret Clitherow ndiyo imaonetsa bwino komwe lamuloli lidafika. Mayiyu adali mkazi wa wogulitsa nyama mumzinda wa York. Mu 1586 adamangidwa chifukwa chosunga ansembe m'nyumba mwake. Adakana kuyankha mlandu m'khoti, ndipo zimamveka kuti chifukwa chimodzi chidali choti ana ake asakakamizidwe kuchitira umboni wophetsa mayi awo. Chilango cha wokana kuyankha chidali kumugoneka pansi, kumuika chitseko pamwamba n'kusanjikapo zolemera mpaka afe. Adafa motero pa 25 March 1586. Ndi ufumu wanji womwe ukadagwa chifukwa cha mayi wa kubutchala?

Pofika imfa ya Elizabeth, Akatolika pafupifupi 190 adali ataphedwa pansi pa malamulo a mtunduwu, ndipo oposa 120 mwa iwo adali ansembe. Ena adafera m'ndende. N'zoona kuti Mary adapha ambiri m'zaka zochepa pomwe imfa za nthawi ya Elizabeth zidamwazikana m'zaka zoposa 30. Kusiyana kumeneko kulipo ndipo sikuyenera kubisidwa. Koma kwa wofayo ndi ana ake, chingwe ndi mpeni sizidali zachifundo kuposa moto.

Boma lidadziwa kuti maiko akunja akuona. Mu 1583 William Cecil, nduna yaikulu ya mfumukazi, adalemba kabuku kotchedwa The Execution of Justice in England kofotokoza kuti palibe akuphedwa chifukwa cha chipembedzo, onse ndi oukira ufumu. Ofufuza milandu adali ndi funso lomwe ankakola nalo ansembe: Papa atatumiza asilikali kudzalanda England, iwe ungaime mbali iti? Munthu ankaweruzidwa pa nkhondo yomwe sidachitike.

Nkhondoyo itabweradi, yankho lidaoneka. Mary Stuart adadulidwa mutu ku Fotheringhay pa 8 February 1587, akazitape a Walsingham atagwira makalata ake obisidwa m'migolo ya mowa, momwe adavomereza chiwembu cha Anthony Babington. Chaka chotsatira Philip II wa ku Spain adatumiza zombo pafupifupi 130 kudzathira nkhondo England. Zombozo zidagonja kwa asilikali apanyanja a England ndi mphepo yamkuntho, ndipo Akatolika a m'dzikomo sadaukire boma monga ankaopera. Mphotho yawo idali yoti m'miyezi yotsatira Akatolika ena pafupifupi 30 adaphedwa.

Umboni wina woti nkhani idali kumvera, osati chitetezo chokha, ndi momwe boma lidachitira ndi Apulotesitanti anzake. Mu 1575 anthu awiri a ku Netherlands a gulu la Anabaptist adatenthedwa amoyo ku Smithfield mumzinda wa London, malo omwewo omwe Mary ankatenthera anthu. Mu 1577 Elizabeth adaimitsa paudindo bishopu wamkulu wa Canterbury, Edmund Grindal, chifukwa chokana kuletsa misonkhano yomwe alaliki ankaphunzitsana Baibulo. Mu 1593 Henry Barrow ndi John Greenwood adanyongedwa chifukwa cha mabuku awo olimbikitsa anthu kupatuka kumpingo wa boma. Anthu amenewa sadali a Papa kapena a Spain. Mlandu wawo udali kufuna kupemphera kunja kwa khola la mfumukazi.

Ku Ireland, dziko la Akatolika ambiri lomwe Elizabeth ankalilamuliranso, zinthu zidaipa koposa. Mu 1580 ku Smerwick asilikali pafupifupi 600 otumizidwa ndi Papa adaphedwa atagonja kale n'kutula zida. Pothana ndi kuukira kwa Desmond, asilikali a mfumukazi adatentha minda ndi kulanda ziweto m'chigawo cha Munster mpaka njala idapha anthu ochuluka. Kwa munthu wa ku Ireland, dzina loti Good Queen Bess silimveka.

Ena amati nkulakwa kuweruza munthu wa zaka za m'ma 1500 ndi muyeso wa lero, poti nthawi imeneyo aliyense ankakhulupirira kuti dziko limodzi liyenera kukhala ndi mpingo umodzi. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma si yoona kwathunthu. Mu 1568 msonkhano wa ku Torda m'dziko la Transylvania udalola mipingo kusankha alaliki awo n'kuletsa kuzunza munthu chifukwa cha chiphunzitso chake. Mu 1573 akuluakulu a ku Poland adasainirana pangano ku Warsaw loti sadzakhetsana magazi pa kusiyana kwa chipembedzo. Mu 1598 Mfumu Henry IV ya ku France, itatha nkhondo ya zaka zoposa 30, idapereka lamulo la ku Nantes lolola Apulotesitanti kupemphera m'malo ena m'dziko la Akatolika. Mapangano amenewa adali ndi zofooka zake, koma onse adachitika Elizabeth ali pampando. Njira ina idalipo, ndipo iye sadaisankhe.

Nanga bwanji mbiri idakomera mmodzi? Mary adalamulira zaka zisanu, adafa wopanda mwana, ndipo cholembera chidatsala m'manja mwa adani ake. Mu 1563 John Foxe adatulutsa buku lalikulu lofotokoza imfa za Apulotesitanti omwe Mary adatentha, lokhala ndi zithunzi za anthu ali pamoto, ndipo mu 1571 akuluakulu a mpingo adalamula kuti liziikidwa m'matchalitchi akuluakulu. Mibadwo idakula ikuona zithunzi zimenezo. Elizabeth adalamulira zaka 44, adagonjetsa Spain, ndipo nthawi yake ndi yomwe William Shakespeare adayamba kulemba masewero ake. Omwe adafa m'manja mwake adalembedwa m'mabuku a boma ngati zigawenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtendere wa Elizabeth sudachize bala. Adamwalira pa 24 March 1603, ndipo mpando udapita kwa James, mwana wa Mary Stuart yemwe adamudula mutu uja. Patangotha zaka ziwiri, kagulu ka Akatolika otaya mtima kadayesa kuphulitsa Nyumba ya Malamulo ndi onga. Mu 1642 nkhondo yapachiweniweni idabuka, ndipo china mwa zifukwa zake chidali mkangano wa mabishopu ndi Apulotesitanti osakhutira omwe Elizabeth adangowatseka pakamwa. Lamulo la mu 1701 lidatsekera Akatolika khomo la ufumu, ndipo adayembekezera mpaka 1829 kuti aloledwe kukhala aphungu. Lamulo la mu 2013 lidachotsa chiletso choti wolowa ufumu asakwatire kapena kukwatiwa ndi Mkatolika, koma mpaka pano Mkatolika sangakhale mfumu ya Britain. Mu 1970 Papa Paul VI adalengeza anthu 40 a ku England ndi Wales kukhala oyera, ndipo Mayne, Campion ndi Clitherow ali m'gululo.

Mpingo womwe udaumbidwa ndi malamulo a mu 1559 ndi womwewo udafika ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie, ndipo lero Aangilikani ndi Akatolika m'Malawi amakwatirana, kuikirana maliro ndi kuyendera limodzi pa nkhani za dziko. Palibe wa iwo ali ndi ngongole ya magazi a zaka 400 zapitazo. Koma izi zikungoonetsa kuti chomwe nduna za Elizabeth zinkati n'chosatheka, anthu a dziko limodzi kupemphera mosiyana n'kukhalabe nzika zokhulupirika, chidali chotheka.

Phunziro la ulamuliro wa Elizabeth lapita kwa olamulira ndi olamulidwa omwe. Ndi maboma ochepa amavomera poyera kuti akulanga munthu chifukwa cha zomwe amakhulupirira. Ambiri amati akuteteza dziko, ndipo nthawi zina adani amakhalapodi, monga adaliri m'nthawi ya Elizabeth. Funso loyenera kufunsa nthawi zonse ndi lomwe lamulo la mu 1585 lidafufuta: kodi munthuyu wachita chiyani? Babington adachita chiwembu. Clitherow adatsegulira wansembe chitseko. Boma lomwe limapereka imfa kwa onse awiri silingatchedwe lololera, ngakhale litaimba nyimbo yokoma bwanji.

Ku Westminster Abbey mumzinda wa London, Mary ndi Elizabeth agona m'manda amodzi. Mfumu James ndiyo idasamutsira thupi la Elizabeth m'menemo mu 1606, ndipo bokosi lake lidasanjikidwa pamwamba pa la mkulu wake. Mawu a Chilatini olembedwa pamandapo amatchula onse awiri ngati abale oyembekezera kuuka kwa akufa. Koma chifanizo chosemedwa chomwe alendo amapita kukaona n'cha Elizabeth yekha.